Ndalama anawawonjezera, koma masiku awo ali ndi mwini wina

Kumayambiriro kwa Julayi 2022, kompyuta ya kampani ya American Airlines imene imaloleza kapena kukaniza oyendetsa ndege kusinthana maulendo inabalalika usiku umodzi wokha. Kwa maola ochepa, wopempha kuti amuchotsere ulendo pa ndandanda yake ya mwezi ankangoyankhidwa kuti chabwino. Pomafika m'mawa, bungwe la oyendetsa ndege a kampaniyi, la Allied Pilots Association, linawerenga maulendo oposa 12,000 a mwezi umenewo amene anatsala opanda kaputeni, kapena opanda womuthandiza, kapenanso opanda onse awiri. Kampani sinagone tulo. Inabwezera maulendo ambiri pa ndandanda za eni ake, bungwe linakalipa kuti kutero n'kuphwanya mgwirizano, ndipo pasanapite masiku ambiri anamvana kuti oyendetsa maulendowo alipidwa katatu.

Sikanali koyamba. Mu Novembala 2017 kompyuta ya kampani yomweyi inapereka tchuthi cha Khirisimasi kwa anthu ochuluka kuposa mmene zikanathekera, moti bungwe lija linati maulendo pafupifupi 15,000 a pakati pa 17 ndi 31 Disembala analibe owayendetsa okwanira.

Ambiri anaisimba nkhaniyi moseka, eti kompyuta yapenga. Ine sindiseka nawo. Khola likatseguka usiku, ziweto zonse n'kutuluka mothamanga, mwini wanzeru sayang'ana chitseko chokha. Amasuzumiranso m'kholamo kuti aone chimene zikuthawa. Akaputeni andikhululukire fanizoli, koma likunena zoona. Anthu olipidwa bwino chotere, amene anavutikira ntchitoyi zaka zambiri, atangoona mpata anataya maulendo zikwi khumi ndi ziwiri kusanache. Sikuti ndi aulesi. Ndi anthu amene akhala akugogoda pa chitseko chimenechi mwezi ndi mwezi, n'kumangomva kuti ayi.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi: mkangano wa oyendetsa ndege a ku America ndi makampani awo ndi wa nthawi kuposa ndalama, ndipo mapangano akuluakulu a ntchito ndi malipiro amene mabungwe awo anasainirana ndi makampani mu 2023, amene anatamandidwa chifukwa cha maperesenti ake, ayenera kuweruzidwa poona ngati anabwezera munthu mphamvu pa masiku ake. Pa mlandu umenewu kampani ndi yolakwa, lamulo la dzikolo ndi lolakwa, koma mabungwe a oyendetsa ndegewo nawonso manja awo si oyera.

Kuti timvane, tiyambe ndi nambala. Woyendetsa ndege akalembedwa ntchito ku kampani yaikulu ya ku America amapatsidwa malo pa mndandanda wa amene anayamba kale, umene iwo amautcha seniority. Nambala imeneyi ndiyo moyo wake wonse. Ndiyo imanena mtundu wa ndege imene ayendetse, mzinda umene maulendo ake aziyambira, chaka chimene adzasamuke kumpando wakumanja n'kukhala kaputeni kumanzere, sabata imene apite kutchuthi. Luso silisuntha nambalayi. Ndipo siinyamulika: kaputeni wa zaka makumi awiri akasamukira ku kampani ina, amakayambira pansi penipeni, kumbuyo kwa mnyamata amene analembedwa dzulo. N'chifukwa chake makampani awiri akaphatikizana pamabuka nkhondo yosaneneka. US Airways ndi America West ataphatikizana mu 2005, kusamvana pa kasanjidwe ka mindandanda iwiriyo kunafika poti oyendetsa ndege ena anatsogolera anzawo kutuluka m'bungwe lalikulu la oyendetsa ndege la ALPA mu 2008 n'kuyambitsa lawo, ndipo milandu inakhala m'makhoti kwa zaka.

Mwezi uliwonse kampani imamanga maulendo m'mitolo: mtolo wa tsiku limodzi, wa masiku atatu, wa masiku anayi wogona m'mahotela a mizinda yosiyanasiyana. Kale mitoloyi inkasanjidwiratu kukhala ndandanda zathunthu za mwezi, munthu n'kusankha imene akuifuna potsata nambala yake. Masiku ano makampani ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa PBS. Woyendetsa ndege amauza pulogalamuyo zofuna zake: ndisagwire Loweruka ndi Lamlungu, ndisanyamuke mbandakucha, mundipatse maulendo ogona ku San Diego, tsiku lakuti ndikhale pakhomo. Kompyuta imayambira pamwamba pa mndandanda n'kumatsika. Woyamba amadya mnofu. Wapakati amapeza china n'kutaya china. Wapansi amatola zotsala, ndipo kawirikawiri sapeza n'komwe ndandanda. Amaikidwa pa reserve, kutanthauza kukhala chire pafupi ndi foni, kudikira kuitanidwa kuti akalowe m'malo mwa amene wadwala kapena wachedwa. Ena amapatsidwa maola ochepa chabe kuti akhale atafika pabwalo la ndege. Ambiri mwa iwo sakhala mumzinda umene ntchito imayambira, choncho amakwera ndege ina kupita kuntchito, n'kumagona m'zipinda za lendi zodzaza mabedi osanjikiza, kudikira foni imene mwina siilira.

Sindikufuna kunyoza mndandandawu mopanda chilungamo. Uli ndi ubwino umodzi waukulu: bwana sangakondere. Kaputeni akhoza kukana kunyamuka ndi ndege imene sakuikhulupirira, kapena kunena kuti ndatopa sindiuluka, popanda mantha oti mwezi wamawa amulanga pomupatsa maulendo oipa. Ndani mwa ife, atakhala pampando wa 27 kumbuyoko, angafune kaputeni woopa bwana? Pa chifukwa chimenechi chokha mndandandawu uyenera kukhalapo.

Koma dongosolo louma chonchi limafuna polowera mpweya, ndipo polowera pake ndi kusinthana maulendo. Ndandanda imatuluka pakati pa mwezi, koma moyo sudikira ndandanda. Mwana wadwala, mayi agonekedwa m'chipatala, ukwati wa mlongo wasunthidwa tsiku. Namwino aliyense amene anapemphapo mnzake kuti amugwirire usiku wa Lachisanu, iye adzabweza Lamlungu, akudziwa kale mmene zimakhalira. Kusiyana kwake n'kwakuti oyendetsa ndege awiri sangangomvana pakhonde. Pempho limalowa m'kompyuta, kapena limakadikira pa desiki ya okonza maulendo, ndipo limayesedwa ndi zinthu ziwiri.

Choyamba ndi lamulo la kupuma, ndipo apa palibe chodandaula. Malamulo a bungwe la boma la FAA amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2014 amafuna kuti woyendetsa ndege za anthu apume maola 10 asanayambe ntchito, asapitirire maola 100 akuuluka m'masiku 28, kapena maola 1,000 m'masiku 365. Malamulowa analembedwa ndi magazi. Pa 12 Febuluwale 2009 ndege ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo n'kupha anthu 50, ndipo pofufuza zinadziwika kuti womuthandiza kaputeni anachezera usiku m'ndege kuchokera ku Seattle, kumadzulo kwa dzikolo, kuti akafike kuntchito ku Newark, kum'mawa kwake. Kusinthana kumene kungaphwanye malamulo otere kukanidwe basi, ndipo kompyuta ikhoza kuwerengera zimenezi m'kuphethira kwa diso.

Chachiwiri ndicho pagona nkhani. Kampani imaika chiwerengero cha anthu a reserve amene ikufuna kuti akhalepo tsiku lililonse. Ngati tsiku limene ukufuna kusiya ulendo anthuwo ndi ochepera pa chiwerengerocho, pempho lako lafa. Tsono wolemba ntchito anthu okwanira kapena osakwanira ndi kampani. Woika chiwerengero chija, pokhapokha mgwirizano utachimanga, ndi kampani yomweyo. Ikaganiza zogulitsa matikiti ambiri ndi antchito ochepa, masiku onse a mweziwo amasanduka otsekedwa, ndipo ufulu wosinthana maulendo, umene unalembedwa bwinobwino mu mgwirizano, umangotsala papepala. Ali ngati munthu amene wakupatsa nkhokwe yodzaza chimanga koma makwerero n'kusunga kwake.

Kuchedwa nako ndi kukana kumene, kungoti kwavala jekete. Pempho likakhala masiku osayankhidwa, mnzako amene anavomera kusinthana nawe amatopa n'kukonza zina, ulendo umene umaufuna wina amautenga, tsiku la chipatala limafika. Palibe amene wakukaniza, koma wauluka. Ndipo taonani kusiyana kwa liwiro. Kompyuta italakwitsa mokomera oyendetsa ndege mu Julayi 2022, kampani inakonza zinthu m'maola ochepa. Koma mfundo zatsopano za ndandanda zikagwirizanidwa, si zachilendo kumva kuti zidikire kaye miyezi yambiri kuti akatswiri a makompyuta azilowetse m'pulogalamu. Malipiro atsopano amayamba msanga chifukwa kusintha nambala n'kosavuta. Ufulu wa masiku umabwera pang'onopang'ono, ngati ubwera n'komwe.

Wina anena kuti, a mlembi, mukulirira anthu olemera. Zoona, si amphawi. Mu Malichi 2023 oyendetsa ndege a kampani ya Delta anavomereza mgwirizano wokweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi. A American anavomereza wawo mu Ogasiti, a United mu Sepitembala ndi kukwera kofika pafupifupi 40 peresenti, ndipo a Southwest mu Januwale 2024 anapeza pafupifupi 50 peresenti pa zaka zisanu. Kaputeni wamkulu wa ndege zikuluzikulu zowoloka nyanja amalandira madola oposa 400 pa ola limodzi louluka. Sindikupempha aliyense kuti awasonkhere.

Koma funso loti ndani ali ndi mphamvu pa ndandanda silikhudza oyendetsa ndege okha, ndipo umboni wake ndi Disembala 2022. Chimphepo cha chisanu chitawomba America Khirisimasi ili pafupi, makampani ena anadzuka patapita masiku ochepa, koma Southwest inagwa chagada. Inaimitsa maulendo pafupifupi 16,700 m'masiku khumi omaliza a chakacho, ndipo anthu pafupifupi 2 miliyoni anasowa mtengo wogwira m'mabwalo a ndege. Chinavuta si chisanu chokha. Pulogalamu yosanja antchito inalephera kutsatira kuchuluka kwa zosintha, mpaka kampani sinkadziwanso bwino kuti antchito ake ali kuti. Oyendetsa ndege ndi othandiza anthu m'ndege, ali ndi yunifolomu pathupi, okonzeka kugwira ntchito, ankakhala pa foni maola ambirimbiri kudikira kuti wina ku ofesi awayankhe n'kuwauza kolowera. Ndege ilipo, kaputeni alipo, okwera alipo, koma palibe wowalumikiza. Boma linalipitsa kampaniyi chindapusa cha madola 140 miliyoni mu Disembala 2023, ndipo chisokonezo chonsecho chinaidyera ndalama zoposa madola 1 biliyoni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti oyendetsa ndegewo anali atanena kale. Mu Juni 2022, miyezi isanu ndi umodzi chisokonezochi chisanachitike, oposa 1,300 anaima pamzere ndi zikwangwani ku bwalo la Love Field mumzinda wa Dallas, ndipo kusokonekera kwa ndandanda kunali pakati pa madandaulo awo. Mtsogoleri wa bungwe lawo pa nthawiyo, Casey Murray, anakabwereza zomwezo pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate mu Febuluwale 2023. Foni imene imachedwa kuyankha woyendetsa ndege wofuna kusinthana ulendo pa tsiku labata ndi yomweyo imene imafa pa tsiku la chimphepo. Wokwera ndege amene amaona ngati madandaulo a ndandanda ndi matama a anthu okhuta, adzazindikira akugona pansi pa bwalo la ndege, chikwama chili ku mzinda wina.

Nanga bwanji sangonyanyala ntchito? Apa ndi pamene lamulo limalowa. Oyendetsa ndege a ku America ali pansi pa Railway Labor Act, lamulo la 1926 limene linalembedwera a sitima zapamtunda n'kudzaphatikiza makampani a ndege mu 1936. Pansi pa lamuloli mgwirizano sutha. Tsiku lake likakwana umangotseguka kuti ukambidwenso, koma wakalewo umapitirira kugwira ntchito. Kuti anthu anyanyale, bungwe la boma la National Mediation Board liyenera kuvomereza kuti zokambirana zalephereka, kenako padutse masiku 30 oziziritsa mitima, ndipo ngakhale apo pulezidenti akhoza kulowererapo. Mu Febuluwale 1997 oyendetsa ndege a American atangoyamba sitalaka, pulezidenti Bill Clinton anaiimitsa patangopita mphindi zochepa. Mu 1999 ambiri a kampani yomweyo atayesa njira yongonena kuti tadwala, khoti linalamula bungwe lawo kulipira madola oposa 45 miliyoni. Sitalaka ya oyendetsa ndege a Spirit mu Juni 2010, ya masiku asanu, imakumbukiridwabe chifukwa zoterezi n'zosowa.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Kampani ilibe chifukwa chothamangira. Mgwirizano wa Delta unatseguka kumapeto kwa 2019 koma watsopano unabwera mu 2023. Wa Southwest unatseguka mu 2020, watsopano mu 2024. Mliri wa Covid unachedwetsa zina, n'zoona, koma kukoka nkhani kwa zaka kunalipo mliri usanabwere. Ndipo ngati kampani yaphwanya mfundo ya ndandanda lero, lamulo limati woyendetsa ndege auluke kaye, adandaule pambuyo. Dandaulolo limayenda m'makomiti mpaka kwa woweruza wapadera. Likadzatheka, mwina amupatsa malipiro a maola angapo. Tsiku lija, la chipatala kapena la ukwati, palibe woweruza amene angalibweze.

Tsopano ndifike kwa mabungwewo, chifukwa ndikangodzudzula makampani ndikhala ndanama. Mgwirizano umavomerezedwa ndi mavoti, ndipo peresenti ndi yosavuta kugulitsa. Aliyense amamva mawu akuti 34 peresenti. Ndime yonena kuti chiwerengero cha reserve chiziwerengedwa motani, ndani angachisinthe, ndipo pempho liyankhidwe pasanathe maola angati, ili pa tsamba lakutali limene owerenga ake ndi ochepa. Choipanso kuposa apa: kuchepa kwa antchito kuli ndi okupindulira pakati pa oyendetsa ndege omwewo. Kampani ikasowa munthu imalengeza maulendo a malipiro owirikiza, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda, amene ndandanda zawo zili ndi masiku ambiri opuma, ndiwo ali ndi mpata wabwino wowatola. Mu Juni 2022 oyendetsa ndege a Delta analemba kalata kwa okwera ndege yonena kuti, pa liwiro limene zinkayendera, ovataimu ya chaka chimenecho idzaposa ya 2018 ndi 2019 ataziphatikiza chaka chisanathe. Analemba modandaula, ndipo kudandaulako kunali koona. Koma ovataimu imeneyo wina anailandira, ndipo dongosolo limene limatsekera wapansi masiku ake ndi lomwelo limene limanenepetsa thumba la wapamwamba. Bungwe limene limaimira onse awiri limakhala ndi yesero lalikulu longosiya zinthu mmene zilili.

Wapamwamba amayankha kuti, inenso ndinadutsamo, pirira, nthawi yako ifika. Mawu amenewa ndimawamva, koma sindiwavomereza onse. Zaka zimene munthu ali pansi pa mndandanda ndi zomwezo zimene ana ake ali aang'ono. Akadzafika posankha Khirisimasi ya pakhomo, anawo anachoka kale pakhomopo. Ndiponso kuyenda kwa mndandanda sikudalira kupirira kwa munthu. Kumadalira kuti okalamba akupuma angati ndipo kampani ikukula kapena ayi. Zaka zopumira pantchito zitakwezedwa kuchoka pa 60 kufika pa 65 mu 2007, mndandanda unangoima chilili kwa zaka zisanu, ndipo amene anali pansi anakhala pansi pomwepo.

Ziyenera kunenedwanso kuti oyendetsa ndege eni ake anayamba kukana kugulidwa ndi peresenti yokha. Kumapeto kwa 2022 a United anakana ndi mavoti ochuluka kwambiri mgwirizano woyamba umene atsogoleri awo anabweretsa, ndipo mu Julayi 2023 a FedEx, kampani yonyamula katundu, anakana wawo ngakhale unali ndi malipiro okwera. Zifukwa zinali zingapo, ndalama zili momwemo, koma uthenga kwa atsogoleri unamveka: kusaina si kumaliza. Mapangano a 2023 analidi ndi zina zokonza moyo wa a reserve ndi malipiro a munthu akasinthidwa ulendo mwadzidzidzi. Vuto langa ndi lakuti zambiri mwa zimenezi zimaika mtengo pa kusokoneza munthu m'malo moletsa kusokonezako. Kampani ikawerengera n'kuona kuti kulipira chindapusa n'kotchipa kuposa kulemba anthu ena ntchito, idzalipira mosangalala.

Kutsidya la nyanja nako phunziro linali lomweli. Mu Sepitembala 2017 Ryanair, kampani ya ndege ya ku Ireland, inasokoneza ndandanda ya tchuthi cha oyendetsa ndege ake n'kuimitsa maulendo zikwizikwi, ndipo pofika Disembala kampani imene inakana mabungwe a antchito kwa zaka zoposa 30 inavomera kukambirana nawo. Chinaigwetsa pansi si malipiro, koma kalendala.

Kampani ili ndi yankho limodzi lomveka, ndipo ndilipatse ulemu wake. Aliyense amafuna kupuma masiku omwewo: Khirisimasi, chikondwerero cha mu Novembala cha Thanksgiving, Loweruka la m'chilimwe. Ndipo amenewo ndi masiku amene anthu ambiri amakwera ndege. Kulola aliyense kusiya ulendo mmene wafunira ndiko kubwereza Julayi 2022 mwadala. N'zoona. Koma palibe amene akupempha chitseko chopanda loko. Chikufunika ndi chakuti kiyi asakhale m'thumba la mbali imodzi. Chiwerengero cha reserve chiziwerengedwa ndi njira yolembedwa mu mgwirizano, imene woyendetsa ndege aliyense angaione pa foni yake, osati nambala imene ofesi imakweza ikafuna. Anthu awiri a ndege ya mtundu umodzi, mpando umodzi, mzinda umodzi, akamvana kusinthana ndipo malamulo a kupuma sakuphwanyidwa, kampani sitayapo kalikonse, choncho kompyuta ivomereze pomwepo popanda kudikira munthu. Pempho likakhala losayankhidwa kupitirira maola ogwirizana, liwerengedwe kuti lavomerezedwa. Mudzaona mmene desiki ija idzapezere antchito. Ndipo mfundo iliyonse yodikira akatswiri a makompyuta ikhale ndi tsiku lake, ndi chindapusa chimene chimakula mwezi uliwonse tsikulo likadutsa.

Mgwirizano wa Delta unalembedwa kuti udzatsegukenso kumapeto kwa 2026, ndipo a makampani enawo adzatsatira pambuyo pake. Manyuzipepala adzalemba peresenti pamutu pa nkhani, monga mwa masiku onse. Ine ndidzatsegula chaputala cha ndandanda, n'kufufuza mzere umodzi: womuthandiza kaputeni wa chaka chachiwiri, amene wapeza mnzake womugwirira ulendo wa Lachiwiri, adikira maola angati kuti amve yankho, ndipo yankholo likapanda kubwera, walipira ndani.